Ka MP3 kanga ndi ulendo wa ku Dwangwa

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa za kachipangizo ka nyimbo kamene ndili nako. Ena mukuti ndi foni, ena mukuti ndi kawailesi. Si foni ayi. Sungaimbire munthu, sikalandira meseji, WhatsApp mulibe. Dzina lake ndi MP3 player, ndipo kukula kwake sikaposa bokosi la machesi. Anandigulira achimwene anga amene amagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chino ndikupita komweko kukawaona. M'malo moyankha mmodzimmodzi pa buleki, ndati ndilembe pano zonse ziwiri, za kachipangizoka ndi za ulendowu, chifukwa pokonzekera ndapeza kuti masamu ake ndi olumikizana. Aphunzitsi amene mukuwerenga nawo, musade nkhawa, malamulo ndikuwadziwa. Kamatsala kunyumba.

Funso loyamba la aliyense limakhala lakuti, nyimbo zambirimbiri zimakwana bwanji m'kanthu kakang'ono chonchi? Nyimbo zimakhala pa memori khadi, kofanana ndi kam'foni kaja, kocheperapo kuposa chikhadabo. Koma chinsinsi chenicheni chili pa mawu akuti MP3. Nyimbo ikakhala pa CD, mphindi imodzi yokha imadya malo pafupifupi 10 MB. MP3 ndi njira yoifinyira kuti ichepe. Anaikonza ndi akatswiri a ku Germany pa bungwe lofufuza la Fraunhofer, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg, ndipo dzina lakuti .mp3 linayamba mu 1995. Nzeru yawo inali yakuti khutu la munthu silimva zonse zimene zikulira. Mukakhala pachigayo injini ikulira, mnzanu akanong'ona simumva kanthu, ngakhale mawuwo atulukadi pakamwa pake. M'nyimbo zimachitikanso chimodzimodzi. Ng'oma ikagunda mwamphamvu, timawu tating'ono timene tikulira nthawi yomweyo timabisika. Ndiye MP3 imangotaya timawu timeneto, n'kusunga zimene khutu likanamva basi. Zili ngati kukonola chimanga: gaga amachoka, mphale n'kutsala. Koma ukapitiriza kusinja mopyola muyeso umayamba kutaya chakudya chenicheni, ndipo zotayidwazo sizibwereranso. N'chifukwa chake nyimbo zina zimene zadutsa m'mafoni ambiri zimamveka ngati woimbayo ali m'chidebe.

Muyeso wa kufinyako umalembedwa ndi nambala, monga 128 kbps kapena 320 kbps. Pa 128, mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndiye nyimbo ya mphindi 4 ndi 4 MB. Pa 320 nyimbo yomweyo imafika pafupifupi 10 MB. Khadi yanga yalembedwa 8 GB, koma ukaiika pa kompyuta imaonetsa 7.4 GB. Musakalimbane ndi wogulitsa pa zimenezo, sanakubereni. Opanga makhadi amawerenga 1,000 pamene kompyuta imawerenga 1,024, basi kusiyana kwake n'komweko. Mu 7.4 GB mungalowe nyimbo pafupifupi 1,800 za 128. Chulukitsani ndi mphindi 4, mupeza mphindi 7,200, amene ndi maola 120. Masiku 5 usana ndi usiku osabwereza nyimbo! Ine ndimasankha za 128, chifukwa ndi timahedifoni totchipa tangati, komanso muli phokoso la minibasi, kusiyana kwa 128 ndi 320 sindikumva. Amene amati amakumva, mwina makutu awo ndi apadera.

Atsibweni anga atakaona anaseka. Iwo m'nthawi yawo chinthu chotchuka chinali Walkman, imene kampani ya Sony inatulutsa mu 1979. Kaseti imodzi ya C90 inkanyamula mphindi 45 mbali iliyonse, ndipo pofuna kusunga mabatire ankabweza tepi pozunguza ndi bolopeni. Kenaka mu 2001 Apple inatulutsa iPod ya 5 GB, ndipo mu 2022 inasiya kupanga, poti anthu anasamukira ku mafoni. Ndiye wina afunsa, iwe ukunyadira chinthu chimene dziko linachisiya? Eya. Kwathu foni ndi imodzi, ndi ya amayi, ndipo ntchito yake ndi kulandira ndalama ndi mauthenga a maliro. Nditati ndiithere batire ndi nyimbo, nsima ya madzulo ndingaidye mowawa. Ka MP3 sikafuna bandulo, sikafuna netiweki, ndipo palibe amene amandiuza kuti bweretsa ndiimbire azakhali ako.

Nyimbo ndimakaika pa burning centre ya pa msika, ndipo pamenepo pali zinthu ziwiri zoti muchenjere nazo. Choyamba ndi makhadi abodza. Ilipo khadi yolembedwa 32 GB, kompyuta nayo n'kuonetsa 32, koma mkati mwake malo enieni ndi ochepa kwambiri. Ukaika nyimbo zimaoneka ngati zalowa zonse, mayina ali ndondondo, koma ukafika kunyumba zoyambirira zokha ndi zimene zikulira. Njira yoiyesera ndi kuidzaza ndithu, kenaka n'kuliza nyimbo zimene zalowa kumapeto usanachoke pamalopo. Khadi ikatchipa modabwitsa, dabwani nayo. Chachiwiri ndi vairasi. Kompyuta imene mumalowa makhadi a mudzi wonse ili ngati chitsime chimene aliyense amaviikamo chidebe chake. Ilipo vairasi ina imene imabisa mafoda ako n'kuika tizithunzi ta mivi m'malo mwake. Nyimbo zimakhala zilipo ndithu koma zabisika, ndiye musathamangire kufufuta khadi yonse. Pezani kaye munthu wodziwa kompyuta azitulutse.

Pamenepa pali nkhani imene ambiri sitifuna kuimva. Ndalama imene timalipira pobena nyimbo ndi ya mwini kompyuta, osati ya woimba. Bungwe la COSOMA, limene limayang'anira za umwini wa nyimbo ndi mabuku m'dziko muno, lilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi. Ine sindine wolemera, koma ndimaona kuti woimba amene ndimamukonda akabwera pa boma kudzaimba, kulipira pakhomo m'malo mokwera mpanda ndi kochepa kamene ndingachite.

Tsopano vuto lenileni la kachipangizoka si malo a nyimbo, ndi batire. Khadi yanyamula maola 120, koma batire? Pabokosi pamalembedwa nambala ya mAh, imene imanena kuchuluka kwa moto umene batire imasunga. Masamu ake ndi ogawa wamba: batire ya 200 mAh, kachipangizo kakamakoka 20 mA, ikhala maola 10. Koma zolemba pabokosi ndi zolemba pabokosi. Ine ndinakayesa ndekha Lamlungu lina. Ndinakatchaja mpaka kudzaza, voliyumu pakati, kagalasi kozimitsa, mahedifoni m'makutu, n'kuyang'ana wotchi. Kanathima patatha maola 7. Sabata yotsatira ndinayesa pa kasipika kake kakunja, sikanafike maola 3. Kudumphadumpha nyimbo nakonso kumadya moto, chifukwa ukangodina batani kagalasi kamayaka. Ndipo kalibe posakira dzina la nyimbo ngati foni, ndiye ukathira nyimbo 1,800 mufoda imodzi, utha batire ukufunafuna imodzi ya Black Missionaries. Ikani m'mafoda, ndipo mafodawo muwapatse manambala kuti azibwera mu ndondomeko imene mukufuna.

Kutchaja kumatenga pafupifupi maola 2 pa tchaja wamba ya foni. Ine ndimatchajitsa pa sola ya ku babashopu, ndipo mukudziwa mmene sola imachitira mu Disembala kukachita mitambo masiku awiri. Mzere wa mafoni umakhala wautali, ndipo ometa amayamba ndi mashini awo. Choncho ndikatchajitsa kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, n'kukazimitsiratu. Chinanso, batire za mtundu umenewu zimadana ndi kutentha. Osakasiya pawindo la galimoto padzuwa, makamaka kunyanja kumene ndikupitaku, ndipo batire ikayamba kufufuma, isiyeni.

Tibwere ku ulendo. Kuchoka kuno ku Ntcheu kupita ku Dwangwa ndaganizira njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsata M1 kudutsa Lizulu ndi Dedza mpaka Lilongwe, pafupifupi makilomita 160. Kuchoka apo M14 kutsikira ku Salima, pafupifupi 100. Kenaka M5, msewu wa m'mbali mwa nyanja, mpaka Nkhotakota, 110 kapena kuposerapo pang'ono, ndi ena pafupifupi 60 kukafika pa Dwangwa. Zonse pamodzi ndi cha m'ma 430. Yachiwiri ndi kutsikira pa Masasa, kutsetsereka Khwekhwerere mpaka Golomoti, n'kulowa M5 kudutsa cha ku Mua, Mtakataka ndi Chipoka mpaka Salima. Pamapu yachiwiriyi ndi yachidule ndithu, ndipo ndikanakonda kuona Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, kumene kuli malo osungirako zachikhalidwe a Kungoni.

Koma ndasankha yoyamba, yotalikayo. Chifukwa chake n'chakuti ulendo wa minibasi suwerengedwa m'makilomita, umawerengedwa m'maola, ndipo maola ambiri amathera poima osati poyenda. Minibasi ilibe wotchi, imanyamuka ikadzaza. Oitanira akuuza kuti kwatsala munthu mmodzi, ukalowa upeza anthu ena amene akhalamo ndi anzawo omwe, ongodzazitsa mipando, ndipo amatsika mmodzimmodzi okwera enieni akamabwera. Pa M1 ndi M14 magalimoto ndi ambiri, kudikira kwake n'kopiririka. Pamphambano yaing'ono ungathe kukhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo siyenta imodzi ikabwera mtengo amatchula ndi dalaivala, poti akuona kuti ulibe kolowera. Chifukwa china n'chakuti ku Lilongwe kuli azakhali anga ku Kawale. Zinthu zikavuta ndili ndi kogona. Ku Golomoti sindidziwa aliyense, ndipo mwana wasukulu kugona pakhonde la sitolo ndi chikwama si nkhani yoseketsa.

Masamu ake ndawachita chonchi. Minibasi imene ikuima paliponse kutsitsa ndi kukweza, kuphatikiza ma roadblock ndi maenje, ndaiwerengera makilomita 55 pa ola. Gawani 430 ndi 55, mupeza pafupifupi maola 8. Kudikira kuti galimoto idzaze ndaika ola limodzi pa Ntcheu, limodzi ku Lilongwe, limodzi ku Salima. Maola 11. Ndikafika pa siteji 5 koloko m'mawa, ku Dwangwa ndikalowa cha m'ma 4 madzulo, kukali kowala, ndipo pakhala katsala kanthawi ngati tayala litaphulika kapena atatisinthitsa galimoto pa Nkhotakota. Ndagwirizana ndi amayi kuti ikakwana 12 koloko ndisanatuluke mu Lilongwe, sindipitiriza, ndigona ku Kawale. Lamulo limeneli tapangiratu kunyumba, chifukwa munthu ukakhala pa depoti mtima umakunamiza kuti ufika basi.

Ndiye onani: ulendo maola 11, batire maola 7. Pali maola 4 opanda nyimbo, ndipo funso n'lakuti ndiwaike pati. Yankho linabwera lokha. M'madepoti monse kachipangizoka kazikhala kozima, m'thumba la mkati. Pa depoti ya Lilongwe pamafunika makutu onse awiri ndi maso anayi. Wina akukoka chikwama chako kuti ukwere yake, wina akukuwa dzina la malo, wakabaza akuliza belu kumbuyo. Waya wolendewera m'khosi pamalo ngati amenewo ndi chikwangwani chouza akuba kuti katundu ali thumba ili. Maola atatu apita pamenepo. Ola lotsalalo ndi lomaliza, tikangooloka Bua, kuti ndimve kondakitala akamatchula masiteji. Ku Dwangwa sindinafikeko, ndipo sindikufuna kudzidzimuka ndili pa Dwambazi nyimbo ili m'makutu.

Kachipangizoka kalinso ndi wailesi ya FM, ndipo iyi ndi imene amayi anaiona kuti ndi yaphindu. Kuti igwire pamafunika kulumikiza mahedifoni, chifukwa waya wake ndi umene umagwira ntchito ya eriyo. Ukaupindapinda, mawu amangoti waaa. Nyengo ya mvula M5 ndi msewu wosadalirika, chifukwa mitsinje yochokera kumapiri yonse imaudula popita kunyanja, ndipo zaka zina milatho imakokoloka magalimoto n'kuima mbali zonse. Ndiye sabata yonyamukayo ndizimvera nkhani ndi zanyengo pa MBC kapena Zodiak m'mawa ndi madzulo. Kukamveka kuti kwinakwake kwaduka, ulendo tiusuntha, osati kukazionera pamlatho.

Nkhani ya makutu ndiikhalitse pang'ono, chifukwa ndimaona mmene ena mumalizira, munthu ali patali mamita atatu akumva nyimbo yotuluka m'makutu mwanu. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, a Biology mukukadziwa, cochlea. M'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi, timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa, likapitirira limatipha, ndipo tikafa sitimeranso. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'ma decibel. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angathe kumvera phokoso la 80 decibel kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma likafika 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha pa sabata. Taonani kutsika kwake, nambala yangokwera ndi 10 koma nthawi yagwa kakhumi. Kwa ana muyeso wake ndi wotsikirapo, 75. Ife tilibe choyezera, n'chifukwa chake amalangiza kuti voliyumu isapose 60 pa 100 alionse. Kanga kamafika pa 30, ndiye malire anga ndi 18.

Msampha uli m'galimoto. Injini ikulira, mawindo akugwedera, dalaivala naye waika nyimbo zake, ndiye chala chimapita chokha pa batani lokwezera. Voliyumu imene kunyumba ikanakupweteka, m'minibasi imaoneka ngati yabwinobwino, koma khutu likulandira zonsezo. Mahedifoni a timphira totseka khutu amathandizako, chifukwa amachepetsa phokoso lakunja ndiye sukweza kwambiri. Ine muyeso wanga ndi wophweka: woyandikana naye akandiyankhula ine osamva, ndiye kuti ndapyola. Ukavula n'kumamva kulira kwa ngati nkhululu m'makutu, limenelo ndi chenjezo. Ndipo dalaivala akaliza zake mokweza, ndingozimitsa kanga, ndimvere zakezo, batire n'kupuma. Kupikisana ndi sipika ya minibasi sungapambane.

Palinso ulemu. Ukakhala mpando umodzi ndi munthu wamkulu kwa maola atatu, kumupatsa moni ndi khutu lotseka si khalidwe. Vula kaye, mufunsane za kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Izi zili ndi phindu lakenso, chifukwa mayi amene wadziwa kuti ukutsikira pa Dwangwa ndi amene angakugwedeze ukagona, ndiponso kukuyang'anira chikwama ukatsika kukataya madzi.

Za ndalama sindilemba mitengo pano, chifukwa ikusintha ndi mafuta, ndipo pofika sabata ya Khirisimasi amakweza dala poona kuchuluka kwa anthu. N'chifukwa chake ndinyamuka tikangotsekera, pasanafike pa 20. Mtengo wa chigawo chilichonse ndifunsa kwa anthu amene ayenda posachedwa, ndipo pokwera ndigwirizana ndi kondakitala ndisanaike phazi mkati, katundu n'kuphatikiza. Ndalama ndazigawa patatu: ya galimoto yoyamba m'thumba lakunja, ndipo ikhale yosinthasintha kuti pasakhale nkhani ya chenji ndikupatsa kutsogolo, yotsala m'kathumba kamene amayi asokera mkati mwa malaya, yobwerera sindinyamula n'komwe, amayi atumiza pa Mpamba kwa achimwene tsiku lobwerera likayandikira. Ndalama yobwerera ikakhala m'manja pa Khirisimasi imasanduka fanta ndi kanyenya, ndipo mu Januwale sukulu imatsegulira iwe uli ku nzimbe. Poti ndilibe foni, manambala a amayi, azakhali ndi achimwene ndawalemba pa mapepala awiri, lina m'chikwama lina m'thumba, ndipo pa Salima ndikapempha wina andibwereke foni ndiwauze achimwene kuti ndanyamuka.

Alamu anga anaitanitsa mbatatesi ndi kabichi za pa Lizulu, poti kunyanjako zimadula. Pa Lizulu minibasi siimitsa nthawi yaitali, amalonda amangoizinga m'mawindo, ndiye ndalama yake ikhala kale m'manja. Amene simunadutseko, pamenepo msewu ndiwo malire: mbali ina Malawi, kuoloka msewu uli ku Mozambique. Pobwera akuti adzandipatsira mpunga wa ku Nkhotakota ndi nsomba zouma, ndiye kachipangizoka kadzayenda m'kapulasitiki kakekake, kuopa fungo ndi mvula. Neti ya udzudzu nayo ndalongedza, kunyanja malungo sachita nawo masewera.

Mafoda ndawakonza motsata msewu. Foda 1 ndi ya Ntcheu mpaka Lilongwe, nyimbo zauzimu ndi za Lucius Banda, zoyenera m'mawa kukuzizira ku Dedza. Foda 2 ndi yotsikira ku Salima, muli Eli Njuchi, Driemo ndi Namadingo. Foda 3 ndi ya m'mbali mwa nyanja, reggae ya ku Chileka, ndipo ndawerengera kuti izidzatha tikamadutsa pa Chia. Foda 4 musaseke: kachipangizoka kamajambula mawu, ndiye ndawerengeramo manotsi a Biology ndi History ndi mawu anga omwe. Kudzimva wekha ukuyankhula kumachititsa manyazi tsiku loyamba, koma zimalowa m'mutu, makamaka ukamatsuka mbale. Imeneyo ndi ya pobwerera, mayeso a teremu yachiwiri akamayandikira. Foda 5 ndaisiya yopanda kanthu. Achimwene akuti nyengo ya Khirisimasi midzi ya cha kumeneko imavina malipenga, ndipo eni gule akandilola ndikajambulako, mudzamve mu Januwale. Kunja kwa mpanda wa sukulu, tikaweruka.